MAPAPO ATHU NDI KACHIROMBO KA KORONA

Mau amene Mlembi wa nthambi yathu analankhula pa msonkhano wa mamembala ku Domasi

 Lero sindinadze ndi nkhani ya makadi kapena ya zopereka ai. Ndadza ndi nkhani ya mpweya tikupumawu, pakuti munthu atha kugona ndi njala masiku angapo, koma sangakhale mphindi zochepa osapuma.

Mukumbukira kuti kachirombo ka korona kanamveka koyamba ku Wuhan m'dziko la China kumapeto kwa chaka cha 2019. Pa 2 April 2020 Boma linalengeza kuti anthu atatu apezeka nako ku Lilongwe, ndipo ambiri a ife tinati imeneyo ndi nthenda ya okwera ndege, siingafike ku Songani kuno. Koma pa 12 January 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo posakhalitsa Nyumba ya Boma ya ku Zomba inasanduka chipatala cha odwala korona. Pamenepo tonse tinadziwa kuti moto wafika pakhomo.

Tsono nthendayi imachita chiani m'chifuwa mwa munthu? Inu amene munasendapo mbuzi mukuwadziwa mapapo. Ali ofewa ndi opepuka, ndipo mukawaponya m'madzi amayandama chifukwa ali odzala ndi mpweya. M'kati mwake muli ngati mtengo wozondoka. Kholingo ndilo thunthu, ndipo ligawika pawiri kupita ku phapo la kumanja ndi la kumanzere, nthambi zake nkumagawikabe mpaka kuchepa ngati tsitsi. Kunsonga kwa tinthambi timeneti kuli timatumba ta mpweya toposa 300 miliyoni, tosaoneka ndi maso, tokutidwa ndi timitsempha ta magazi. Mu mpweya tipumawu magawo 21 mwa magawo 100 ndiwo okosijeni, amene thupi liwafuna. Khungu la timatumba tija ndi lopyapyala kwambiri, chotero okosijeni amadutsa kulowa m'magazi, ndipo mpweya woipa umatuluka.

Kachirombo kamalowera m'mphuno ndi m'kamwa, pamene wodwala atsokomola, alankhula kapena kuimba pafupi nafe. Kwa anthu ambiri kamathera m'mwamba momwemo: chimfine, kutentha thupi, kusamva fungo, ndipo patapita masiku achira. Koma kwa ena kamatsikira m'mapapo, ndipo kumeneko kamaononga m'njira zitatu.

Choyamba, timatumba tija timatupa ndi kudzala madzi. Chimenechi ndicho chibayo, ndipo cha korona kawirikawiri chimagwira mapapo onse awiri. Mwaonapo chimanga cha m'mbali mwa mtsinje wa Domasi madzi atakhalitsa m'munda: nthaka ikali yomweyo, koma mizu yabanika, masamba nkusanduka achikasu.

Chachiwiri, thupi lenilenilo limaonjeza nkhondo. Lili ndi asilikali ake olimbana ndi matenda, koma mwa anthu ena asilikaliwo amachita ngati anyamata otentha tchire posaka mbewa, moto nkulumphira ku nkhokwe. Izi zimakonda kuchitika m'sabata yachiwiri, pamene apabanja ayamba kunena kuti wodwala wapezako bwino. Mu June 2020 madotolo a ku Oxford anapeza kuti mankhwala otsika mtengo otchedwa dexamethasone, amene amaziziritsa moto umenewu, amachepetsa imfa pakati pa odwala ofunika okosijeni. Koma awa ndi mankhwala opereka dotolo, osati ogula pamsika, pakuti kwa wodwala pang'ono sathandiza.

Chachitatu, magazi amaundana m'timitsempha ta m'mapapo. Alimi a mpunga a ku sikimu akudziwa kuti ngalande ikatsekeka ndi matope, madzi angachuluke bwanji kumtunda, m'munda safika. Momwemonso mpweya utha kulowa m'chifuwa, koma magazi oti aunyamule palibe.

Abale anga, lolani ndiulule cholakwa changa. M'nyengo ija amalume anga, amene anandilipirira sukulu mpaka ndinakhala mphunzitsi, anadwala. Tinawafukiza ndi masamba a bulugamu, tinawamwetsa mandimu ndi jinja, ndipo ine, wodziwa kuwerengane, ndinamvera mphekesera zoti wopita kuchipatala ndi nthendayi sabwerako. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinawapeza pakhonde akucheza, ndipo anati, "Aphunzitsi, musabvutike, ndi chimfine chabe." Koma ndinaona kuti sakutha kumaliza mau osaima pakati. Tinawakweza pa njinga yamoto. Kuchipatala namwino anawapana chala ndi kachipangizo koyezera okosijeni wa m'magazi, ndipo kanaonetsa 78, pamene kwa munthu wabwinobwino kamaonetsa 95 kapena kuposa. Imeneyo ndiyo mbala ya nthendayi: okosijeni atha kutsika kwambiri munthu osamva kubanika. Anawaika pa okosijeni, nawagoneka chafufumimba kuti mbali ya kumsana ya mapapo itseguke, ndipo patapita masabata awiri anatuluka amoyo. Tikadachedwa tsiku lina limodzi, sindidziwa ngati lero ndikadakhala ndi amalume.

Anatuluka, koma sanabwerere mwakale. Munda wao uli m'tsinde mwa phiri la Malosa, ndipo kale ankafikako osaima. Tsopano amapumira panjira kawiri. Ena m'mudzi anati nkhalamba yayamba ulesi, ena anati yalodzedwa. Zonsezo ndi zabodza. Amene munapsapo ndi moto mukudziwa kuti chipsera sichitamuka ngati khungu labwino. Chibayo chachikulu chitha kusiya zipsera m'mapapo, ndipo phapo lachipsera silifufuma bwino. Ambiri amapezako bwino pang'onopang'ono pakupita kwa miyezi, koma ena phuma limakhala nao nthawi yaitali.

Pa 5 May 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti korona salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Sitibvalanso zophimba kukamwa ndi kumphuno monga kale, ndipo tiyamika. Koma bungwelo silinanene kuti kachirombo katha. Kakalipo, ndipo kamasankha okalamba, odwala shuga, odwala kuthamanga kwa magazi, amphumu ndi osuta fodya. Chotero ndikupemphani zinthu zisanu.

1. Phunzirani kuwerenga mpweya. Munthu wamkulu atakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi. Wodwala akamapuma mofulumira kuposa apo, akamalephera kumaliza mau, milomo ikasintha mtundu, akayamba kubwebweta kapena kumva kupweteka pachifuwa, pitani naye tsiku lomwelo kuchipatala cha Domasi, ku St Luke's ku Malosa kapena kuchipatala chachikulu cha Zomba. Nthunzi ya bulugamu itsegula mphuno, koma siitulutsa madzi m'mapapo.

2. Katemera wa korona anayambira ku Zomba konkuno pa 11 March 2021, pamene a Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti nthawi imeneyo, anabayidwa poyera. Katemera sati munthu sadzadwala konse, koma amachepetsa kwambiri kudwala kofika m'mapapo. Okalamba ndi odwaladwala afunse alangizi a zaumoyo za iye. Safunsa anadya phula.

3. Si chifuwa chonse chili korona. Wotsokomola masabata awiri, wotuluka thukuta usiku ndi woonda akayezetse makhololo, pakuti chingakhale chifuwa chachikulu. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za Boma, ndipo amachiza munthu akamwa miyezi isanu ndi umodzi osadumpha.

4. Tisaonjeze katundu pa mapapo athu. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera umaononga amai ndi ana a kumsana tsiku ndi tsiku, ndipo fodya wa chingambwe achita chimodzimodzi kwa abambo. Tsegulani mazenera m'kalasi, m'tchalitchi, mumzikiti ndi m'minibasi.

5. Amene nthendayi inawasiyira phuma tisawaseke. Aziyenda pang'ono tsiku lili lonse, kuonjezera mtunda mwapang'onopang'ono, ndipo ife tiwathandize kuunda mizere.

Pomaliza, a Wapampando, ndiika pempho pamaso pa msonkhano uno. Chimene chimachedwetsa wodwala kwathu kuno kawirikawiri ndi ndalama ya ulendo usiku. Ndipempha kuti mudzi uli wonse usankhe munthu mmodzi wa njinga amene tingamgogodere nthawi ili yonse, ndi kuti nthambi ikhale ndi kathumba kolipirira ulendo wotere, kosungidwa ndi Msungichuma ndi kowerengedwa poyera pa msonkhano uli wonse. Mutu umodzi susenza denga. Ine ndinachedwa masiku asanu ndi atatu. Inu musadzachedwe ngakhale limodzi.

Ndatha ine Mlembi wanu.