KUBWEZA NDI KUBWEZERA NZOSIYANA

Awa ndi mau amene anayankhulidwa pa msonkhano wokambirana za demokalase mumzinda wa Lilongwe. Tawasindikiza monga momwe anayankhulidwira.



Mwandipempha kuti ndiyankhule za asilikali, za kubwezerana pa ndale, ndi za migwirizano ya zipani imene imatha nsima isanapole. Ndiyambira pa dzina limodzi limene ambiri muno tikulikumbukira: Bwezani. Kubweza ndi kubwezera ndi mau apachibale, koma sagona nyumba imodzi. Munthu amabweza chinthu chimene si chake. Amabwezera pofuna kuti mnzake amve kuwawa kumene iye anamva. Demokalase yathu inabadwira pakati pa mau awiriwa, ndipo mpaka lero atsogoleri athu amawasokoneza.

Tikumbutsane. Pa 14 Juni 1993, anthu 63 mwa 100 alionse amene anavota anasankha nyali nakana tambala wakuda. Koma riferendamu sinalande mfuti m'manja mwa apayoniya. A MYP anali ndi zida zawo, misasa yawo m'maboma ndi akazitape awo, ndipo wapolisi sankangomanga mpayoniya wolakwa asanafunse akuluakulu a apayoniyawo. Asilikali a Malawi Army ankaziona zonsezi. Kuyambira 1987 anzawo ena anafera ku Mozambique akulondera njanji ya ku Nacala kuti zigawenga za Renamo zisaiwononge, pamene kuno kumudzi mbiri inali ponseponse yoti apayoniya ndi Renamo amadyera mbale imodzi. Mkwiyo umenewo unkangodikira tsiku.

Tsikulo linafika pa 1 Disembala 1993, pamene apayoniya anawombera ndi kupha asilikali awiri ku Mzuzu atakangana pamalo omwera mowa. Pa 3 Disembala asilikali anatuluka. Anaphwanya likulu la MYP muno mu Lilongwe, nalowa m'misasa ya apayoniya m'zigawo zonse zitatu kukalanda zida. Anthu oposa 20 anafa, ndipo apayoniya pafupifupi 2,000 anathawira ku Mozambique. Anthu anakhamukira m'misewu kuimba ndi kululutira asilikali.

Tisanamizane, kumeneku kunali kubwezera. Sanayambitse ndi aphungu ku Zomba, sanayambitse ndi khoti. Anayambitsa ndi asilikali a maudindo apakati ndi apansi amene anatopa kudikira mabwana awo. Magazi a anzawo ndi amene anawatulutsa.

Koma chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi. Sabata imeneyo Dr Kamuzu Banda anali wodwala, atachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku South Africa mu Okutobala. Dziko linali m'manja mwa anthu atatu: a Gwanda Chakuamba, a John Tembo ndi a Robson Chirwa. Mfuti zonse za mphamvu zinali kwa asilikali, ndipo anthu anali pambuyo pawo. Akanafuna kukalowa ku wailesi ya MBC n'kulengeza kuti boma alitenga, akanawaletsa ndani? Sanatero. Atatha ntchito yawo anabwerera kumalo awo, ndipo pa 17 Meyi 1994 tinakavota mwamtendere. Anayamba ndi kubwezera, anamaliza ndi kubweza. Mphamvu imene inagwera m'manja mwawo anaibweza kwa eni ake, amene ndi ovota.

Tsono tiyeni tione ngati ife anthu wamba, ife a masuti ndi a zitenje za chipani, tinachita chimodzimodzi.

Chisankho cha 1994 sichinapatse aliyense mphamvu zonse. Pa mipando 177 ya m'Nyumba ya Malamulo, UDF inapeza 85, MCP 56, AFORD 36. A Bakili Muluzi analowa m'boma opanda aphungu okwanira, ndipo mgwirizano unali wofunikadi. Palibe cholakwika pamenepo, mutu umodzi susenza denga. Koma taonani mmene zinayendera. Mu Juni 1994 AFORD inagwirizana ndi MCP, chipani chimene a Chakufwa Chihana ankachitcha cha imfa ndi mdima, chomwenso boma lake linawamanga pa 6 Epulo 1992 atangotsika ndege. Pofika Sepitembala chaka chomwecho a Chihana anali m'boma la UDF, ndipo malamulo a dziko anasinthidwa kuti pakhale mpando wa wachiwiri kwa wachiwiri wa pulezidenti. Mu 1996 anatula pansi udindowo akudandaula za katangale, koma nduna zina za AFORD zinakana kutuluka nawo. Zotsatira zake AFORD ndi MCP ananyanyala Nyumba ya Malamulo kwa miyezi yambiri. Mu 1999 a Chihana anaima pamodzi ndi a Chakuamba a MCP. Mu 2003 anabwereranso pa mpando uja m'boma la a Muluzi.

Sindikunena izi ponyoza a Chihana. Kulimba mtima kwawo kwa mu 1992 palibe angakufafanize. Ndikunena kuti pa migwirizano yonseyi ovota sanafunsidwe, ndipo chimene chinkaoneka poyera nthawi zonse chinali kugawana mipando. Akuluakulu anati chibwenzi cha nkhwangwa chikoma pokwera. Ukafika pamwamba umaiponya pansi.

M'kati mwa kuvinavina kumeneku ndi momwe munalowa mlandu wa ku Mwanza. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anaphedwa ndi apolisi, ndipo mtundu unauzidwa kuti anafa pa ngozi ya galimoto. Boma latsopano linakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Justice Mtegha, ndipo mu Januwale 1995 Dr Banda anatsekeredwa m'nyumba ku Mudi, a Tembo anamangidwa. Ena ankati uku n'kubwezera. Ine ndikuti ai. Mlandu suola, ndipo mabanja anayi aja anali ndi ufulu womva choonadi m'khoti. Koma mu Disembala 1995 khoti linapeza oimbidwa mlandu osalakwa, ndipo mu 1997 khoti la Supreme linakana apilo ya boma. Anthu awiri amene akanafotokoza kumene lamulo lakupha linachokera, a John Ngwiri amene anali mlembi wamkulu wa boma ndi a Mac Kamwana amene anali mkulu wa apolisi, onse anali atamwalira kale.

Cholakwa chathu sichinali kuzenga mlandu wa ku Mwanza. Cholakwa chinali kusenzetsa mlandu umodzi katundu wa zaka 30. Utagwa mlanduwo, zonse zinagwera pomwepo. Nanga a Attati Mpakati amene anaphedwa ku Harare mu 1983? Nanga a Mkwapatira Mhango amene anatenthedwa m'nyumba ndi banja lawo ku Lusaka mu 1989? Nanga a Orton Chirwa amene anafera m'ndende ya Zomba mu 1992? Nanga a Mboni za Yehova amene anathamangitsidwa m'midzi yawo chifukwa chokana kugula kadi? Anzathu a ku South Africa anakhazikitsa bungwe la choonadi ndi chiyanjano, ozunza ndi ozunzidwa nayankhula pamaso pa mtundu. Ife sitinatero, ndipo chifukwa chake sichobisika. Akuluakulu ambiri a zipani zatsopano anachokera mu Kongeresi momwemo. A Muluzi eni ake anakhalapo mlembi wamkulu wa MCP. Kufukula manda onse kukanadetsa masuti ambiri.

M'malo mwake tinapatsidwa National Compensation Tribunal, bungwe lopereka chipepeso kwa ozunzidwa. Malamulo a dziko anatseka njira yokasumira boma kumakhoti wamba pa nkhanza zakale, natumiza onse ku bungwelo. Inu amene munabwerera kumudzi chikhululukiro cha 1993 chitalengezedwa mukudziwa bwino kuposa ine. Munapeza nyumba zanu muli eni ake ena, minda yanu akulima ena. Munalemba mafomu. Bungwelo linatha zaka zake khumi n'kutsekedwa anthu zikwizikwi asanalandire chipepeso chawo chonse, ndipo mu 2017 ofesi ya Ombudsman inali ikukumbutsabe boma za ngongole imeneyi. Ambiri anamwalira chikalata chili m'sutikesi. Wolandidwa sanabwezeredwe chake.

Koma kubwezerana pakati pa akuluakulu okhaokha kunakula ngati bonongwe wa padzala. A Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005, wachiwiri wawo a Cassim Chilumpha anamangidwa mu 2006 pa mlandu woukira boma. A Muluzi nawonso anamangidwa pa mlandu wa ndalama zokwana K1.7 biliyoni, mlandu umene unakwawa mpaka mu 2023 pamene boma linautaya popanda chigamulo. A Peter Mutharika anamangidwa mu 2013 pa mlandu woukira boma, ndipo mlanduwo unafa iwo atapambana mu 2014. Malemu a Saulos Chilima, amene mgwirizano wawo wa Tonse ndi a Lazarus Chakwera unapambana mu 2020, anamangidwa mu 2022 pa mlandu wa ziphuphu, ndipo mlanduwo unathetsedwa mu Meyi 2024 umboni usanamveke wonse.

Sindikuweruza kuti wolakwa ndani, wosalakwa ndani. Ndipo vuto lake ndi lomwelo: palibe Mmalawi angaweruze, chifukwa milanduyi sinafike kumapeto. Ngati munthu anaba, anthu anaberedwa kawiri, ndalama ndi chilungamo chomwe. Ngati sanabe, anazunzidwa pachabe ndipo dzina lake silinayeretsedwe. Mlandu umene umadzuka chibwenzi chikatha, n'kugona chibwenzi chikayambiranso, si mlandu, ndi chikwapu chopachika kuseri kwa chitseko.

Kodi izi zikukhudzana bwanji ndi asilikali? Zikukhudzana kwambiri. Mtsogoleri amene akudziwa kuti akatsika pampando akalowa m'chitokosi sangatsike mwamtendere. Ndipo andale akakanganirana mpando mpaka kufika posamvana, maso onse amatembenukira kwa a mfuti. Zinachitika mu Epulo 2012 a Bingu atamwalira mwadzidzidzi, pamene ena ankafuna kutsekereza mayi Joyce Banda. General Henry Odillo anaima pa malamulo a dziko, ndipo mayi Banda analumbira pa 7 Epulo. Zinachitikanso mu 2019 ndi 2020, pamene asilikali motsogozedwa ndi General Vincent Nundwe ankateteza anthu ochita zionetsero ndi kuperekeza oweruza a mlandu wa chisankho. Onse awiri anachotsedwa pa udindo: a Odillo mu 2014 boma litasintha, a Nundwe mu Malichi 2020 chisankho chobwereza chikuyandikira, ngakhale anadzabwezeredwa pa mpando chaka chomwecho.

Katatu konse asilikali athu asankha bwino. Tiwathokoze, koma tisasandutse mwayi kukhala lamulo. Abale athu a ku Zimbabwe analulutira asilikali m'misewu ya Harare mu Novembala 2017 pamene a Robert Mugabe ankachotsedwa. Pa 1 Ogasiti 2018 asilikali anawombera anthu m'misewu yomweyo, asanu ndi mmodzi nafa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dziko limene limapulumutsidwa ndi mtima wabwino wa mkulu wa asilikali lidzalira tsiku limene pampandopo padzakhale wa mtima wina. Ndipo ngati mkulu woima pa malamulo malipiro ake ndi kuchotsedwa ntchito, wolowa m'malo mwake akuphunzirapo chiyani?

Ndimalize ndi zinthu zitatu zimene ife tingaumirire, posatengera kuti m'boma muli ndani, pakuti boma linasinthanso mu 2025 koma funso likadali lomwelo.

Choyamba, mlandu wa munthu wandale ukayamba uzifika kumapeto. Malamulo a dziko amati mkulu woimira boma pa milandu akathetsa mlandu apereke zifukwa ku komiti ya aphungu yoona za malamulo. Tiziumirira kuti zifukwazo anthu azizimva, ndipo atolankhani azizisindikiza.

Chachiwiri, mgwirizano uliwonse wa zipani uzilembedwa ndi kuwerengedwa poyera tisanavote. Ukwati wopanda ankhoswe ukatha, ovutika ndi ana.

Chachitatu, mkulu wa asilikali asamachotsedwe usiku ngati mlonda wa paesiteti. Komiti ya aphungu yoona za chitetezo izifunsa chifukwa chake, ndipo iziyankhidwa.

Ndipo pamwamba pa zonsezi pali ngongole ya inu amene munalandidwa nyumba, minda, ntchito ndi abale. Simunapemphe kuti wina akamangidwe m'malo mwanu. Munapempha kuti chanu chibwere ndi kuti choonadi chinenedwe. Asilikali a mu 1993 anali ndi mfuti m'manja koma anabweza chimene sichinali chawo. Andale athu ali ndi cholembera chokha, ndipo tikuwapempha zomwezo.