Nyumba Zosiyidwa Pakati pa Mzinda wa Johannesburg

Lero ndikamba za nyumba zimene eni ake adazisiya pakati pa mzinda wa Johannesburg ku South Africa, pakuti nkhani imeneyi idatigwetsera maliro ngakhale ife kuno kwathu.

M'bandakucha wa pa 31 Ogasiti 2023, moto udabuka m'nyumba yosanja ya Usindiso mumsewu wa Albert, ndipo anthu 76 adafa, ena mwa iwo Amalawi amene adapita kukafuna ntchito. Nyumbayo idali ya khonsolo ya mzindawo. Pa nthawi ya tsankho idali ofesi ya mapasi a anthu akuda. Pambuyo pake idasanduka pothawira amayi ozunzidwa. Itasowa woiyang'anira, anthu ena adailanda, namangamo zisakasa zamatabwa, nayamba kutolera lendi kwa amphawi. Mu 2024, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Sisi Khampepe lidapeza kuti khonsolo idali ndi mlandu chifukwa chosatsata malamulo ake omwe.

Kodi zidafika bwanji pamenepo? Lamulo logawa malo okhala potsata khungu lidathetsedwa mu 1991, ndipo m'zaka zimenezo makampani ambiri adasamukira ku Sandton. Msika wa masheya nawo udapita komweko mu 2000. Eni nyumba ena adangotseka zitseko nachoka. Koma nyumba yapakati pa mzinda sikhala yopanda anthu, chifukwa munthu wolandira zochepa sangathe kulipira minibasi tsiku ndi tsiku kuchokera kutali. Amagona pafupi ndi pamene apeza chakudya, ngakhale pakhale popanda madzi ndi chimbudzi.

Ena adayesa kukonza. Kuyambira mu 2009, wamalonda Jonathan Liebmann adagula mafakitale ndi nyumba zakale zosungiramo katundu chakum'mawa kwa mzinda, nazisandutsa zipinda zogona, malo odyera ndi oonetsera zojambula, ndipo deralo lidatchedwa Maboneng. Tisanyoze ntchito imeneyi, pakuti misewu idayera ndipo alendo adabweranso. Koma mitengo ya zipindazo idali ya anthu opeza bwino. Mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu sakadaikwanitsa, ndipo munthu wotere akachotsedwa m'nyumba imene ikukonzedwa, sabwerera kumudzi ayi, amangolowa m'nyumba ina yosiyidwa.

Inu amene mugwira ntchito ya malo ndi nyumba, mverani bwino apa. Mu 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight, bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa lidagamula kuti khonsolo iyenera kupezera pogona pongoyembekezera anthu osauka ochotsedwa m'nyumba, ngakhale nyumbayo ikhale ya kampani. Khonsolo idadandaula kuti ilibe ndalama. Oweruza adayankha kuti idayenera kuziika kale m'ndondomeko yake ya chuma.