Mabayiti 510 okha: zimene ndinalankhula pa msonkhano wa kalabu

Lero ndikufuna ndikufotokozereni za kapulogalamu kamene kanandigonetsa mochedwa sabata yathunthu.

Mukayatsa kompyuta, siyidziwa kalikonse. Pamafunika kapulogalamu koyidzutsa, kotchedwa bootloader. Pa makompyuta akale a mtundu wa IBM PC, kompyuta imawerenga mabayiti 512 oyambirira a pa diski, n'kuyamba kutsatira zimene zalembedwamo. Awiri omaliza ayenera kukhala 55 ndi AA, chizindikiro choti diskiyo ndi yodzutsira. Ndiye otsala ndi 510 basi. Chilembo chimodzi ndi bayiti imodzi. Uthenga wa pa WhatsApp wautaliko pang'ono sungakwanemo.

Ine kompyuta yakaleyo ndilibe. Ndinabwereka laputopu ya achimwene, n'kugwiritsa ntchito QEMU, pulogalamu yoyerekezera makina ngati amenewo. Nditamaliza kulemba, kanga kanakwana mabayiti 553. Ndinayenera kuchotsa 43.

Ndinayamba ndi moni wanga. Ndinali nditalemba kuti "Takulandirani ku kalabu yathu, anzanga", zilembo 38 kuphatikizapo mipata. Ndinasiya "Moni" yekha, ndipo 34 anapita. Kenako ndinapeza kuti kuika ziro ndi mov ax,0 kumadya mabayiti 3, pomwe xor ax,ax imagwira ntchito yomweyo ndi 2. Ndinasintha malo anayi otere. Anatsala 5.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Panali mizere yofufuza ngati diski yawerengeka bwino, ikakanika n'kulemba uthenga. Ndinati aaa, diski ikanikiranji? Ndinaifufuta, zonse zinakwana, ndinakagona ndikumwetulira.

Mawa lake ndinayesa dala ndi diski yoonongeka. Sikirini inangoti bii. Palibe mawu, palibe chizindikiro. Kompyuta inali ikutsatira zinyalala zimene inapeza m'memore ngati ndi malamulo. Ndikanakhala kuti sindine amene ndinalemba, sindikanadziwa n'komwe poyambira.

Ndinabwezeretsa mizere ija. Ndiye mabayiti 5 aja ndiwapeza kuti? Ndinayang'ana "Moni" uja: zilembo 4 ndi ziro yotsekera, 5 ndendende. Ndinamusamutsira ku pulogalamu yaikulu imene bootloader imaitana kuchokera mbali ina ya diski, komwe malo ndi ambiri. Moni akutulukabe, koma kanthawi pang'ono pambuyo pake.

Chimene ndaphunzira ndi ichi: malo akachepa, timathamangira kutaya chimene sichioneka, n'kusunga chimene anthu atiyamikire nacho. Ine ndinachotsa mabuleki a njinga n'kusiya belu. Mizere yofufuza vuto ija palibe amaiona zinthu zikamayenda bwino, koma tsiku loipa ndi yokhayo imene imakuuza chimene chachitika.

Loweruka ndibwera ndi laputopu ija, achimwene akalola. Amene akufuna kuyesa abwere ndi kope ndi cholembera, chifukwa tiziwerenga mabayiti pamanja. Wina akachotsapo bayiti ina osakhudza mabuleki, mandasi ndigula ine.