Kugula Galamafoni Yakale pa Okushoni

Omvera achikulire akukumbukira bokosi lakuda lija limene anthu obwera ku Joni kapena ku Salisbury ankafika nalo kumudzi. Mwiniwake akalitsekula, n'kulipukusa, n'kuikapo mbale, mudzi wonse unkasonkhana pabwalo. Galamafoni imeneyo inapuma kale ntchito yake, komabe ku Mangalande, ku Germany ndi ku Amereka anthu amalimbirana makina otere pa okushoni, monga momwe ogula amalimbirana fodya ku Limbe ndi ku Kanengo. Nkhani ya lero ikulongosola zimene wogula ayenera kudziŵa asanakweze dzanja, pakuti pamalonda ameneŵa wosadziŵa ndiye amene amalipira zambiri.

Choyamba n'chakuti makina akale oimba nyimbo ali a mitundu iŵiri. Mtundu woyamba ndi phonograph, imene Thomas Edison anatulukira m'chaka cha 1877. Mbale zake si zafulati ai, koma zobulungira ngati kachitini kopanda chitsekero, ndipo zambiri zinali za phula. Mtundu wachiŵiri ndi galamafoni ya mbale zafulati, imene Emile Berliner anailembetsa ku boma la Amereka m'chaka cha 1887. Mbale za mtundu wina siziimba pamakina a mtundu winawo. Edison anayambanso kupanga mbale zafulati zochindikala m'chaka cha 1912, koma zimenezi zimafuna singano ya dayamondi, ndipo singano yachitsulo imaziononga. Kampani yake inaleka kupanga mbale m'chaka cha 1929. Tsono munthu wogula makina osadziŵa mbale zake angathe kubwerera kunyumba ndi bokosi losalankhula.

Chachiŵiri ndi maonekedwe. Makina oyambirira anali ndi lipenga lalikulu loonekera kunja. M'chaka cha 1906 kampani ya Victor inatulutsa Victrola, imene lipenga lake linabisika m'kati mwa kabati, ndipo pang'onopang'ono malipenga akunja anayamba kuchepa. Pambuyo pake panabwera magalamafoni onyamula m'manja ngati sutikesi, monga HMV 101 ya 1925 ndi HMV 102 ya 1931. Ameneŵa anapangidwa ochuluka zedi, kotero kuti mtengo wao sukwera kwambiri, pamene a lipenga lakunja ndi osoŵa ndiponso odula.

Apa m'pamene pagona ngozi. Poona kuti anthu amakonda lipenga, amisiri ena, makamaka ku India, amapanga magalamafoni onyenga. Amatenga injini ya galamafoni yonyamula m'manja, n'kuiika m'bokosi latsopano, n'kumangirirapo lipenga la mkuwa lonyezimira. Potsiriza amamatapo chithunzi chotchuka cha His Master's Voice, cha galu uja Nipper, chimene Francis Barraud anajambula ndipo Gramophone Company inagula m'chaka cha 1899. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zizindikiro za chinyengochi zilipo: chopukusira chimaloŵa m'bokosi chopendekeka m'malo moloŵa choongoka, chigongono cha lipenga chimakhala chokhota mwadzidzidzi ndi choocherera mosasamala, ndipo matabwa ake saonetsa ukalamba. Makina otere alibe mtengo weniweni, ndiponso amapala mbale.

Chifukwa chake tsiku lofunika kwambiri kwa wogula si tsiku la malonda, koma tsiku loonera katundu. Wogula wanzeru amapempha chilolezo chopukusa makinawo ndi kumvetsera. Akamva kugunda m'kati, ndiye kuti mafuta a sipuling'i anauma. Chopukusira chikamangozungulira osalimba, ndiye kuti sipuling'i inaduka. Amayang'ananso mutu umene umagwira singano, pakuti ina inapangidwa ndi chitsulo chimene chimatupa ndi kung'aluka chikakalamba. Amafufuza ngati matabwa sanafumbwe, ndiponso ngati ziŵalo zonse ndi za kampani imodzi. Amene akugula kudzera pa intaneti ayenera kupempha zithunzi za injini ndi kalata yofotokoza mmene katunduyo alili. Safunsa anadya phula, ndipo pa okushoni katundu amagulitsidwa monga momwe alili: kanyundo kakagunda, kudandaula za sipuling'i yoduka sikuthandizanso.

Kenaka pali nkhani ya ndalama. Mtengo umene wogulitsa amatchula pogunda kanyundo si mtengo wotsiriza. M'chaka cha 1975 nyumba za okushoni za Christie's ndi Sotheby's ku London zinayamba kulipiritsa wogula ndalama yoonjezera, mapaundi 10 pa mapaundi 100 alionse. Masiku ano nyumba zambiri zimaonjezera kupitirira 20. Ngati nyumba itenga 25, galamafoni ya mapaundi 200 imasanduka ya mapaundi 250, msonkho ndi ndalama yonyamulira zisanaŵerengedwe. N'chifukwa chake ozoloŵera malondaŵa amalemba papepala malire a ndalama zao asanaloŵe m'chipinda. Mpikisano ukatentha, mtima umafuna kugonjetsa mnzako wa mpando wapafupi, koma pepala lija silipsa mtima.

Munthu akagula bwino, udindo wake sunathe. Singano yachitsulo inapangidwa kuti iimbe mbali imodzi yokha ya mbale, kenaka itayidwe. Ikabwerezedwa imabuntha ndi kudya mizere ya mbaleyo. Mbale zoyenera makina ameneŵa ndi zija zolemera, zosachedwa kusweka, zozungulira ka 78 pamphindi. Mbale zofeŵa zoimba nthaŵi yaitali, zimene kampani ya Columbia inatulutsa m'chaka cha 1948, siziyenera kuikidwapo konse, pakuti mutu wa galamafoni ndi wolemera ndipo ungaziononge tsiku lomwelo.

Sipuling'i yoduka mmisiri angathe kuisintha, ndipo singano zatsopano zikupangidwabe. Koma mbale yakale ikapalika, mau a woimba amene anamwalira kalekale amapita nayo limodzi, ndipo mwina inali yokhayo yotsala. Tsono omvera amene ali ndi bokosi lakuda lija pansi pa bedi la agogo asafulumire kulitaya kapena kuligulitsa kwa munthu wongodutsa. Ayambe aŵerenga dzina ndi nambala yake, asunge mbale zake choimirira pamalo opanda dzuŵa, kenaka afunse kwa odziŵa.