KODI PUNCH NDI NGWAZI?

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi

Nkhani yanga ndi ya cidole, ndipo ndipempha kuti musaipeputse, pakuti cidoleco cinandicititsa manyazi pamaso pa ana a m'kalasi langa.

Dzina lace ndi Punch, kwao ndi ku England, koma makolo ace ndi a ku Italy, kumene anamucha Pulcinella. Pa 9 May 1662 Samuel Pepys analemba m'buku lace kuti anaona masewera a zidole a munthu wa ku Italy pa Covent Garden mu London, ndipo tsikulo Angelezi aliyesa tsiku lobadwa Punch. M'caka ca 2012 anamcitira cikondwerero ca zaka 350. Ali ndi linunda, mphuno yokhota ndi ndodo yaikuru. Wosewera abisala m'kanyumba ka nsaru, nabvala Punch ku dzanja limodzi ndi cidole cina ku dzanja linzace. Ndipo kacitsulo kamene aika m'kamwa ndiko kapatsa Punch mau ace osokosa.

Sewero lace linasindikizidwa m'caka ca 1828 ndi John Payne Collier, ndi zithunzi za George Cruikshank. M'menemo Punch ataya khanda lace pa zenera, napha mkazi wace Judy ndi ndodo, napanda dotolo ndi wapolisi. Pomgamula kuti anyongedwe, adzipusitsa ngati sadziwa polowetsa mutu. Wonyonga, Jack Ketch, alowetsa wace m'cingwe kuti amuonetse, ndipo Punch akoka cingweco. Potsiriza agonjetsa Satana yemwe.

Ine ndinasoka zidole za masokosi akale, ndi kusewera mbali zina za nkhaniyi Lacisanu masana. Ana anaseka mpaka misozi. Nditawafunsa kuti ngwazi ndani, onse anapfuula kuti Punch. Ndinawadzudzula, koma mnyamata wina anaimirira nati, "Aphunzitsi, nanga si ndiye wapambana onse?" Ndinasowa coyankha, ndipo belu ndilo linandipulumutsa.

Tiyeni tiyambe tamcitira cilungamo mwanayo. M'zaka zoyamba za m'ma 1800 mirandu yoposa 200 ku England inali ya cilango ca imfa, ndipo anthu ananyongedwa poyera kufikira 1868. Jack Ketch linali dzina la wonyonga weniweni, amene anafa mu 1686. Tsono taganizani mmphawi ataima m'mseu, naona kanthu ka mtengo kalikupusitsa wonyonga amene iye amuopa usana ndi usiku. Kuseka kwace kunali kupuma pang'ono ku mantha. Nayenso Charles Dickens analemba kalata m'caka ca 1849 yoikira kumbuyo seweroli, kuti ndi nthabwala yosaononga munthu.

Koma kukondedwa ndi ungwazi n'zinthu ziwiri. Ngwazi ilowa m'ngozi cifukwa ca ena, ndipo anthu apulumuka nayo. Tafunsani, Punch anapulumutsa yani? Pothawa cingwe anaombola khosi lace lokha. Ndodo yace siisankha: imene inagwa pa wapolisi ndiyo inagwa pa mkazi wace, ndipo woyamba kuzunzika ndiye khanda losadziwa kanthu. Sacita cisoni, saphunzira, atha monga anayamba. Cotero nditi Punch ndiye mwini nkhani, pakuti maso onse ali pa iye. Koma ngwazi iai. Osewera ambiri a masiku ano acepetsako nkhanza zace, ndipo ici cionetsa kuti nawonso anaona cilemaco.

Muyeso womwewu ugwira nchito m'nthano za kwathu. Kalulu akanyenga Mkango kuti nyama zileke kudyedwa, pamenepo ayenera dzina la ngwazi. Koma akakana kukumba citsime, nabwera usiku kudzaba madzi a anzace, ali tambwali cabe, ndipo agogo athu anamgwiritsa ndi Kamba kuti ana aone mathero a ucenjezi wotere. Ucenjezi ndi umodzi. Cosiyana ndi amene apindula nao. Punch alibe Kamba womgwira, cifukwa cace nchito ya Kamba itsalira mphunzitsi.

Lolemba ndinabwerera kwa ana anga. Sindinaletse kuseka, pakuti mwana woletsedwa kuseka m'kalasi akasekera kuseri. Ndinalemba maina a onse a m'sewero pa bolodi, ndipo pa dzina liri lonse tinafunsa mafunso awiri: Punch atapambana, uyu anapeza ciani? Ukadakhala iwe, ukadamucha ngwazi kodi? Titafika pa khanda m'kalasi munali zii. Mnyamata uja anati, "Koma wonyonga yekha ndiye anamcita bwino." Ndinamlola, pakuti anali atayamba kusiyanitsa.

Abale, ana athu aona opambana ambiri, pa bwalo la mpira, m'mudzi, ndi m'mabuku a mbiri. Tikawasiya akhulupirire kuti wotsala ciriri ndiye wolungama, mawa adzaombera m'manja ali yense wa ndodo yaikuru. M'mera mpoyamba. Aloleni aseke Punch, koma asaturuke pa khomo musanawafunse kuti anapambanira yani.