Kuyeza Nthaka ndi Kuwala Kochokera mu Ndege

Mawu amene analankhula mnzathu wina wogwira ntchito m'boma pa msonkhano wa chaka chino

Mwandipatsa mphindi zochepa, choncho ndingolunjika pa nkhani.

Amene mumachokera ku Liwonde ndi ku Utale mukudziwa kuti dziko la m'mbali mwa Shire ndi Rivirivi ndi lathyathyathya. Madzi akasefukira, monga mu 2015, mu 2019 ndiponso nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, chimene chimasiyanitsa nyumba yogwa ndi yopulumuka nthawi zina ndi mita imodzi yokha ya kukwera kwa nthaka. Mita imeneyi simungaione pa mapu aja tinkakopera m'kalasi la jogalafe. Ngakhale miyeso imene chombo cha ku America chinatenga mu 2000 imagawa dziko m'zigawo za mamita 30, ndipo imaphonya ndi mamita angapo.

Njira yatsopano ikutchedwa lidar. Ndege imaponya kuwala pansi, kuwalako nkugunda nthaka nkubwerera. Poti kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, makina akawerenga nthawi ya ulendowo amadziwa kutalika kwake. Makina oyamba ankafuna kuti kuwala kubwerere kochuluka. A masiku ano amamva ngakhale kadontho kamodzi ka kuwala, kamene akatswiri amati photon. Motero ndege itha kuuluka m'mwamba kwambiri ndi kuyeza dera lalikulu pa ulendo umodzi, ndipo mtengo wa ntchito umatsika. Kampani ya Leica inatulutsa makina otere mu 2017, ndipo setilaiti ya NASA yotchedwa ICESat-2, imene inaponyedwa mu 2018, imawerenganso madontho omwewa.

Musaganize kuti ndi matsenga. Mitambo imatchinga. Kuwala kwa dzuwa kumasokoneza, ndipo kompyuta iyenera kupeta kaye mankhusu. Madzi amatope a Shire salola kuti pansi paoneke. Koma m'nkhalango ya tsanya madontho ena amadutsa pakati pa masamba nkufika pa nthaka, chinthu chimene chithunzi wamba sichingachite.

Ine nkhawa yanga ili pena. Mapu otere akapangidwa, asakathere m'kabati ku Lilongwe. Ofunika kuwaona ndi amene amasankha malo omangapo sukulu, chipatala ndi mlatho ku makhonsolo a Machinga ndi Balaka, pamodzi ndi mafumu amene amagawa malo. Ambiri mwa anthu amenewa tinadya nawo nyemba m'holo muno, ndipo ena ndikuwaona kumbuyoko.