KODI TIMU YA MPIRA NDI YA YANI?

 Munandipempha kuti ndidzakambe za eni matimu a mpira, ndipo ine ndasankha timu imodzi yokha, Manchester United ya ku Mangalande. Ndikumva a Liverpool ndi a Arsenal mwayamba kale kung'ung'udza kumbuyoko. Dekhani abale. Sindinabwere kudzachemerera ayi. Ndaisankha poti pafupifupi mtundu uli wonse wa mwini timu wadutsamo.

Timuyi inayambidwa m'chaka cha 1878 ndi anthu okonza mabogi a sitima ku kampani ya njanji ya Lancashire and Yorkshire Railway. Dzina lake linali Newton Heath, ndipo ankavala malaya obiriwira ndi achikasu. Zinthu zinasintha m'chaka cha 1885 pamene bungwe la FA linalola kuti osewera azilipidwa. Malipiro amafuna ndalama za pageti, geti limafuna mpanda, mpanda umafuna malo, malo amafuna ngongole. Nanga ngongoleyo angaisainire ndani m'dzina la gulu? Nchifukwa chake matimu anayamba kulembetsa ngati makampani okhala ndi masheya, ndipo Newton Heath inatero m'chaka cha 1892.

Sipanapite nthawi. Pofika 1902 timuyi inali ndi ngongole ya mapaundi 2,670 ndipo inatsala pang'ono kutsekedwa. Kaputeni wake, Harry Stafford, anapeza amalonda anai oti aponyepo mapaundi 500 ali yense, wamkulu wao ali John Henry Davies, mwini kampani yofulula mowa. Dzina loti Manchester United linabwera chaka chomwecho, ndipo bwalo la Old Trafford, lomwe linatsegulidwa mu 1910, linamangidwa ndi thandizo la bambo ameneyu. Atamwalira mu 1927 umphawi unabwereranso, mpaka mu 1931 James Gibson, wosoketsa mayunifolomu a asilikali, anaitola ndi mapaundi 2,000. Ife kuno sitingadabwe nazo, poti taona timu imodzi ikutchedwa Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, kenaka Nyasa Big Bullets, dzina kutsata thumba.

Tsono apa ndikufuna mumvetsetse. Anthu ngati Davies ndi Gibson sanali angelo, ankafuna ulemu ndi kutchuka mu mzinda mwao. Komatu sakanalemera ndi timu ngakhale akanafuna, chifukwa FA inali ndi lamulo, lotchedwa Rule 34, loti phindu logawira eni masheya lisapitirire mapaundi 5 pa mapaundi 100 ali onse (pambuyo pake anakweza pang'ono), ndiponso kuti madairekitala asamalandire malipiro. Kunena kwina, timu inali kampani papepala, koma inaletsedwa kukhala ng'ombe yokama.

Lamulo limeneli silinagwetsedwe ndi chisankho kapena mtsutso wa poyera. Linangolambalalidwa. M'chaka cha 1983 akuluakulu a Tottenham Hotspur anakhazikitsa kampani ina pamwamba pa timu, naiika pa msika wa masheya wa ku London. Lamulo linkagwira timu, osati kampani ya pamwambayo, ndipo FA inangoyang'ana. Manchester United, yomwe panthawiyo inali m'manja mwa banja la Edwards, ogulitsa nyama, inatsata njira yomweyo mu 1991. Chaka chotsatira kunabadwa Premier League ndi ndalama zankhaninkhani za wailesi ya kanema ya BSkyB, ndipo kuyambira pamenepo ali yense wa ndalama anali ndi ufulu wogula timu monga agulira fakitale ya sopo.

Mu 1998 BSkyB yomweyo, ya Rupert Murdoch, inafuna kugula timuyi pa mapaundi 623 miliyoni. Masapota anasonkhana, analemba makalata, anakadandaula kwa aphungu, ndipo mu 1999 boma linakaniza malondawo. Ulendo umenewo anapambana.

Wa 2005 sanapambane. Malcolm Glazer wa ku America, mwini timu ya Tampa Bay Buccaneers, anagula Manchester United pa mapaundi pafupifupi 790 miliyoni. Kaguledwe kake ndiye nkhani. Tiyerekeze kuti muli ndi chigayo chopanda ngongole, choyenda bwino. Ine ndabwera kudzachigula, koma ndalama zambiri ndakongola ku banki, ndipo chikole chake ndi chigayo chomwecho. Mawa lake chigayo ndi changa, koma wobweza ngongole ndi chigayo, ndiye kuti amai obwera kudzagayitsa aja. Ndi mmene zinachitikira. Timu yomwe inalibe ngongole inadzuka itasenza ngongole yoposa mapaundi 500 miliyoni, chiwongola dzanja chokha chili pafupifupi mapaundi 60 miliyoni pa chaka. Palibe lamulo lomwe linaswedwa, ndipo chondiwawa ine ndi chimenecho.

Wina andifunsa kuti, bwanji nanga timuyo inkapambanabe? Zoona, pansi pa Alex Ferguson inatenga ligi kasanu banja la Glazer litafika kale, ndi chikho cha Champions League mu 2008. Ine ndimati zikho zimenezo ndi zomwe zinatseka anthu ambiri pakamwa.

Ena sanatseke. Gulu lina linachokeratu mu 2005 ndi kuyambitsa timu yaoyao, FC United of Manchester, komwe membala ali yense ali ndi voti imodzi, wolemera kapena wosauka, ndipo mu 2015 anatsegula bwalo lao la Broadhurst Park. Timuyo njaing'ono, sitimaionera pa kanema kuno. Otsala aja mu 2010 anayamba kuvala masikafu obiriwira ndi achikasu, mitundu ya anthu a njanji aja, pofuna kukumbutsa eni masheya komwe timu inachokera.

Banja la Glazer silinagwedezeke. Mu 2012 linagulitsa masheya ena pa msika wa ku New York, koma mochenjera: sheya yogulidwa ndi munthu wamba ili ndi voti imodzi, ya banjalo ili ndi mavoti khumi. Mu April 2021 linagwirizana ndi eni matimu ena 11 kuti ayambitse Super League, mpikisano woti matimu oyambitsawo asamatulukemo ngakhale atagonja chotani. Masapota anakhamukira m'misewu ndipo pasanathe masiku atatu matimu onse a ku Mangalande anali atatulukamo. Pa 2 May chaka chomwecho anthu analowa m'bwalo la Old Trafford, masewera ndi Liverpool n'kulephereka.

Ku Germany zinthu anaziyendetsa mwina. Polola matimu kukhala makampani mu 1998, anaika lamulo loti mamembala a kilabu azikhala ndi mavoti oposa theka, kupatula matimu ochepa a makampani monga Bayer Leverkusen ndi Wolfsburg. A ku Mangalande anachedwa mpaka 2025 kuti akhazikitse mwa lamulo bungwe loima palokha loyang'anira eni matimu.

Ku Old Trafford, Jim Ratcliffe anagula gawo loposa pang'ono kota ya masheya mu February 2024 napatsidwa mphamvu pa nkhani za mpira, koma mavoti ambiri anatsalabe ku banja la Glazer, ndipo ngongole ija inali isanathe. A tcheyamani, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Ndiime pomwepa, tilandire mafunso.